Mmene Mungasangalatsire Mphaka Wokhala M'nyumba

Mphaka wa kumudzi sasowa chochita. Amazungulira nkhokwe, amabisalira makoswe, amakwera mumtengo, akatopa n'kukagona pamthunzi. Wa m'tauni amene satuluka, kaya chifukwa cha msewu wa magalimoto ambiri, agalu a aneba, kapena chifukwa eni ake amakhala m'nyumba yosanja, amapulumuka ku zoopsa zambiri, koma ntchito imene thupi lake linapangidwira imamusowa. Amphaka a pakhomo anachokera ku mtundu wa vumbwe umene unayamba kuyandikira nkhokwe za alimi a ku Middle East zaka pafupifupi 10,000 zapitazo, ndipo mpaka lero mtima wa ulenje sunawachoke. Mlenjeyu akasowa chosaka amanenepa, amakanda mipando, amalira usiku, amaluma akakolo a anthu, kapena amadzinyambita mpaka ubweya kuthothoka. Nthawi zambiri umenewo si mwano, n'kusowa chochita. Choncho udindo wanu ndi kubweretsa ulenjewo m'nyumba. Zinthu zambiri zofunika muli nazo kale.

1. Sewerani naye ngati mukumusakitsa

Amphaka amagona maola 12 mpaka 16 patsiku, ndipo mphamvu zimawabwerera m'bandakucha ndi chisisira. Nthawi zimenezo n'zimene muyenera kusewera nawo. Mphindi 10 kapena 15, kawiri patsiku, n'zokwanira.

Tengani kandodo ka nsungwi, mangirirani kachingwe, ndipo kumapeto kwake ikani nthenga za nkhuku kapena kansanza. Luso lagona pa kayendetsedwe kake. Khoswe sathamangira pakamwa pa mphaka, ndiye musamugwedezere chidolecho kumaso. Chikokereni pansi kutali ndi iye, chiimitseni kaye, chinjenjemeretseni, kenako chikabisale kuseri kwa mwendo wa tebulo. Mukaona wagwada, maso atong'oka, chiuno chikugwedezeka, dziwani kuti masewera ayamba ngakhale sanasunthe. Kuwenderera n'gawo lalikulu la ulenje, musamufulumizitse.

Muzimulola kugwira kangapo, makamaka pomaliza, chifukwa akamangophonya amagwa ulesi. N'chifukwa chake tochi wa laser pa yekha sakwanira: kadontho kofiira kaja sikagwirika. Mukatha, mupatseni chakudya. Mphaka amasaka, amadya, amadzinyambita, kenako amagona, ndipo mukatsata ndondomeko imeneyi musanakagone, kulira kwa pakati pa usiku kumachepa. Zala zanu zisakhale chidole. Kamwana ka mphaka kozolowera kuluma dzanja kadzaluma ndithu mano atakhwima.

Zidole zisamangokhala pansi sabata yonse. Tulutsani ziwiri kapena zitatu, zina mubise, ndipo muzisinthanitsa pakapita masiku angapo.

2. Chakudya azichivutikira

Mphaka wodzisakira amadya pang'onopang'ono kambirimbiri patsiku, ndipo chilichonse amachipeza atachigwirira ntchito. Mbale yodzaza imene imatha m'mphindi ziwiri imamulanda zonsezo. Yezani chakudya cha tsiku lonse m'mawa, n'kuchigawa magawo anayi kapena asanu.

Ngati mumamupatsa chakudya chouma cha m'paketi, yambani ndi thireyi ya mazira: ikani timibulu tingapo m'zibowo zake kuti azitokosa ndi phazi. Akazolowera, tengani botolo la pulasitiki louma bwino, boolani mabowo okulirapo pang'ono kuposa timibuluto, salazani m'mbali mwa mabowomo, thiranimo chakudya n'kutseka. Akamaligubuduza, chakudya chizigwa. Poyamba mabowo akhale ambiri ndi aakulu kuti asataye mtima. Pambuyo pake mukhoza kumabisa tizakudya pashelefu, kuseri kwa chitseko kapena m'katoni musanapite kuntchito.

Mphaka ndi wodya nyama. Thupi lake limafuna taurine, imene imapezeka m'nyama ndi m'nsomba, ndipo ikasowa mtima ndi maso zimawonongeka. Mkute wa nsima sungamusunge. Mkaka wa ng'ombe nawo umatsegula m'mimba amphaka ambiri akuluakulu.

3. Mupatseni pokwera ndi pobisala

Ife timayeza nyumba ndi kukula kwa zipinda, koma kwa mphaka chofunika ndi kutalika kwa malo amene angakwere. Akakhala pamwamba amaona zonse popanda womufikira. Chotsani katundu pamwamba pa kabati, yalanipo chitenje chakale, ndipo ikani mpando pafupi kuti azipondapo. Ngati eni nyumba akulola kukhoma, kalipentala angakuikireni matabwa awiri kapena atatu pakhoma, motsatana ngati masitepe. Yesani kulimba kwake ndi dzanja musanamulole kukwera.

Pansi pakhale katoni yoboola mbali ziwiri, kuti akalowa asaone ngati watsekeredwa. Mu 2014, ofufuza a pa yunivesite ya Utrecht ku Netherlands anapeza kuti amphaka ongofika kumene kumalo osungirako ziweto zosowa pokhala ankazolowera msanga akapatsidwa bokosi lobisalamo kusiyana ndi amene sanapatsidwe. Lamulo la pakhomo likhale lakuti mphaka akalowa m'bokosi lake, palibe womutulutsa. Ana auzidwe zimenezi momveka.

4. Mutsegulireni zenera, koma motetezeka

Ikani tebulo kapena thabwa pazenera limene limayang'ana pabwalo kapena pamtengo. Mbalame, abuluzi ndi anthu odutsa zimamutangwanitsa kwa nthawi yaitali, ndipo dzuwa la m'mawa amalikonda. Zitsulo zotchingira akuba sizitchinga mphaka, choncho khomani waya wa sefa wolimba kuti mphepo ndi fungo la panja zizilowa koma iye asatuluke. Amene mumakhala m'nyumba zosanja samalani kwambiri ndi khonde: mphaka wotsata mbalame amaiwala pamene waponda, ndipo akagwa amathyoka.

5. Mupangireni pokanda

Kukanda simungamuletse. Amachotsa nako makoko akale a zikhadabo, amadziwongola msana, komanso amasiya fungo lochokera kumapazi kwake posonyeza kuti malowo ndi ake. Chimene mungachite n'kumusankhira pokanda. Kulungani mtengo ndi chingwe cha khonje mothinitsa, muukhomere pathabwa lotambalala kuti usagwedezeke, ndipo ukhale wautali moti angadziwongole thupi lonse ataimirira. Ukamagwedera, abwerera ku sofa. Uikeni pafupi ndi pamene amagona komanso pambali pa mpando umene wayamba kale kuwononga. Amphaka ena amakonda kukanda pansi; amenewo apatseni chipika chogoneka kapena makatoni okhuthala. Kumumenya kapena kumuthira madzi kumangomuphunzitsa kukuopani.

6. Chimbudzi, madzi ndi chakudya zitalikirane

Mu 2013, mabungwe awiri a madokotala a amphaka, American Association of Feline Practitioners ndi International Society of Feline Medicine, anatulutsa malangizo a kasungidwe ka amphaka, ndipo imodzi mwa mfundo zake zisanu ndi yakuti zinthu zofunika zikhale zingapo komanso m'malo osiyana. Mabeseni a mchenga ochitiramo chimbudzi akhale ochuluka ngati amphaka anu, n'kuwonjezerapo limodzi: mphaka mmodzi, mabeseni awiri. Aikeni pamalo a phee, kutali ndi mbale ya chakudya. Beseni likhale lalikulu moti angatembenukiremo, chotsani zonyansa tsiku lililonse, ndipo potsuka gwiritsani ntchito madzi otentha ndi sopo wosanunkhira. Madzi akumwa muwaike m'malo awiri, m'mbale zotambalala, ndipo muziwasintha tsiku ndi tsiku.

7. Ayambe ndi iye kukuyandikirani

Tambasulani chala, achinunkhize. Akachikhudza ndi tsaya, musisiteni m'masaya, pansi pa chibwano ndi m'munsi mwa makutu. Pamimba ambiri safuna. Mchira ukayamba kumenya pansi, makutu akagonera kumbali kapena khungu la pamsana likamanjenjemera, lekani. Mu 2020, ofufuza a pa mayunivesite a Sussex ndi Portsmouth ku Britain anasonyeza kuti munthu akaphethira pang'onopang'ono akuyang'ana mphaka, mphakayo amakonda kubwezera ndipo amayandikira mosavuta. Yeserani.

Fungo nalo n'lofunika. Akamakhuza tsaya pamwendo wa tebulo, akulemba kuti pano ndi kwawo. Musachape zogonera zake zonse tsiku limodzi, ndipo pewani mafuta onunkhiritsa m'chipinda chimene amagona.

8. Chotsani zoopsa, ndipo dziwani nthawi yothamangira kwa dokotala

Ulusi, singano, malabala ndi chidole cha chingwe chija muzitsekera m'dirowa mukatha kusewera, chifukwa chingwe chikamezedwa chimatha kucheka matumbo. Paracetamol, monga Panado, amapha mphaka ngakhale piritsi limodzi. Mankhwala a nthata a agalu okhala ndi permethrin ndi poizoni kwa iye, chimodzimodzinso anyezi ndi adyo, komanso maluwa a lily amene amawononga impso. Ngakhale satuluka, mubayitseni katemera wa chiwewe, mupatseni mankhwala a njoka za m'mimba, ndipo kambiranani ndi dokotala wa ziweto zomufula kapena kumutseka kubereka, popeza zimenezi zimachepetsa kulira, kukodzera makoma ndi kufuna kuthawa.

Khalidwe likasintha mwadzidzidzi, musafulumire kunena kuti wasowa chochita. Mphaka amabisa ululu. Akasiya kudya tsiku lathunthu, akamabisala kuposa kale, kapena akayamba kukodza kunja kwa beseni, ayambe waonedwa ndi dokotala. Wamphongo amene akupitapita kumchenga, akukankha koma mkodzo osatuluka, mupite naye nthawi yomweyo, chifukwa njira ya mkodzo ikatsekeka akhoza kufa m'masiku awiri kapena atatu.

Musasinthe zonse tsiku limodzi, poti amphaka sakonda zadzidzidzi. Sabata yoyamba yambani ndi katoni ndi masewera a madzulo, yachiwiri onjezani thireyi ya mazira, kenako pokanda ndi pokwera. Muzionetsetsa chimene mphaka wanu akuchithamangira: wina amafuna nthenga zouluka, wina kansanza kokwawa pansi, ndipo wokalamba angakhutire ndi kugwira ali chigonere. Chimene wachikondacho ndiye muchichulukitse.