Choko m'manja, pasipoti m'thumba: omvera a ku Salima afunsa za kuphunzitsa Chingerezi kunja

Makalata ndi mauthenga a pafoni amene anafika sabata ino ku pulogalamu ya mafunso ndi mayankho, pa wailesi ina yomveka m'mphepete mwa nyanja ku Salima, ambiri anali a aphunzitsi. Funso lawo linali limodzi ngakhale aliyense analifunsa mwa njira yake: kodi munthu angakadyere Chingerezi chake kunja? Muulutsi anaitana bambo wachikulire, mphunzitsi wopuma, amene anagwirapo choko ku Tete ndi ku Lichinga m'dziko la Mozambique asanabwerere kwawo kufupi ndi Senga Bay.

Kalata yoyamba inachokera kwa mnyamata wa ku Chipoka. Ali ndi dipuloma ya uphunzitsi, boma silinamulembe ntchito, ndipo munthu wina pa WhatsApp wamulonjeza sukulu ku China bola atumize kaye ndalama za mapepala.

"Mwana wanga, ndalamazo usatumize," anayankha bambowo mosazungulira. "Sukulu yofuna mphunzitsi imatumiza kontilakiti, siyamba ndi kupempha ndalama pa foni." Kenaka anamuuza mnyamatayo kuti ayang'ane pafupi. Chinenero cha boma ku Mozambique ndi Chipwitikizi, koma mayiko onse asanu ndi limodzi ochita nalo malire, omwe ndi Tanzania, Malawi, Zambia, Zimbabwe, South Africa ndi Eswatini, amagwiritsa ntchito Chingerezi. Mu 1995 dzikolo linalowa m'bungwe la Commonwealth ngakhale silinalamulidwepo ndi Angerezi. Migodi ya malasha ku Moatize, imene kampani ya Vale inayamba kutulutsamo malasha mu 2011, inabweretsa mainjiniya ndi amalonda a mayiko osiyanasiyana mumzinda wa Tete. Kalaliki, dalaivala ngakhale wolandira alendo kuhotela anaona kuti Chingerezi chikukweza malipiro. N'chifukwa chake sukulu zoyima pazokha ndi makalasi amadzulo zimafuna aphunzitsi. Anawonjezera kuti Mmalawi si mlendo kwenikweni kumeneko: pa nkhondo imene inatha mu 1992, anthu pafupifupi miliyoni imodzi anathawira kuno, ndipo ena mwa ana awo anaphunzira m'sukulu zathu.

Wachiwiri anali mayi wophunzitsa pulayimale ku Lifuwu. Iwo anafunsa ngati angangokwera boti pa Senga Bay n'kuwoloka, popeza mapiri a kutsidya amawaona ali pakhonde.

Bambowo anaseka pang'ono. "Mayi, mapiri mukuwaonawo ambiri ndi a ku Makanjira, ndipo Makanjira ndi Malawi ndithu. Mukapitirira n'kulowa Mozambique podzera kutchire, mudzakhala munthu wopanda chidindo, ndipo tsiku loyamba kukangana ndi abwana anu adzakukumbutsani zimenezo." Anafotokoza kuti Mmalawi wokhala ndi pasipoti amaloledwa kulowa kukacheza masiku 30 popanda viza, koma kucheza si kugwira ntchito. Chilolezo cha ntchito amakatenga ndi mwini sukulu ku ofesi ya zantchito, ndipo wokhalitsa amayenera kukhala ndi chiphaso cha alendo chotchedwa DIRE. Masatifiketi, kaya ndi a ku TTC, a ku Domasi kapena a kuyunivesite, amafunika kudindidwa ndi kumasuliridwa m'Chipwitikizi ndi womasulira wovomerezeka. Kalata ya kupolisi yosonyeza kuti munthu alibe mlandu ndi bwino kuitengeratu kuno.

Pa za njira, anaiyala ngati kondakitala. Wopita ku Tete atsike ndi msewu wa M5 mpaka pa Golomoti, akwere Khwekhwerere kukafika ku Dedza, adinditse pasipoti, alowe pa Calomue, kenaka Ulongwe, Moatize mpaka kuwoloka Zambezi. Wopita ku Lichinga adzere ku Mangochi, awoloke Shire pa mlatho wa Bakili Muluzi, akwere mapiri a Namwera mpaka pa Chiponde, ndipo akadutsa Mandimba atsala ndi makilomita pafupifupi 150. Minibasi kumeneko amaitcha chapa, ndipo imadzaza monga zathu zomwe.

Kalata imene anakhalitsapo inali ya mphunzitsi wa sekondale ya masana kufupi ndi Kamuzu Road, amene anangofunsa kuti: moyo wa tsiku ndi tsiku ndi wotani?

"Aphunzitsi anzanga, nsima mudzaipeza, musadandaule," anatero. Chimene chimasiyana ndi m'mawa: m'malo mwa phala kapena mbatata, anthu a m'tauni amathamangira buledi wotentha wa m'mabekale, wotchedwa pão, amene anyamata amayenda naye m'madengu kusanache. Ku Tete ndiwo yotchuka ndi nyama ya mbuzi, nsomba za mu Zambezi ndi kapenta wa ku Cahora Bassa. Ku Lichinga ndi nyemba ndi mbatatesi. Nyengo nayo ndi yosiyana kotheratu. Munthu wa ku Salima amadziyesa katswiri wa kutentha, koma Tete mu Okutobala ndi Novembala amapyola madigiri 40, moti mphunzitsi amalemba pabolodi malaya atamatirira kumsana, ndipo usiku mabanja amayala mphasa panja. Lichinga ali pamwamba, mamita oposa 1,300, ndipo mu Juni ndi Julaye wopanda juzi amanjenjemera ngati ali ku Dedza.

M'kalasi, anati, chodabwitsa choyamba ndi malikisi. Mayeso amachongedwa pa 20, osati pa 100, ndipo wopeza 10 wakhoza. Sukulu zambiri zili ndi magulu atatu, am'mawa, amasana ndi ausiku, ndipo gulu lausiku ndilo la akuluakulu: apolisi, anamwino, ogulitsa m'sitolo, obwera atatopa koma olipira okha fizi, choncho safuna kutayitsidwa nthawi. Atafika pa nkhani ya chinenero, bambowo anakweza mawu. Ku Angónia ndi m'mbali mwa nyanja ku Niassa anthu amalankhula Chinyanja, ndipo Chiyao chimamveka kuyambira Mandimba mpaka Lichinga. Mumzinda wa Tete ndi Chinyungwe, chimene Mchewa amatolako mawu ambiri. Zimenezi zimanyenga Amalawi kuti safunika Chipwitikizi. "Pamsika mudzagula tomato m'Chichewa. Koma msonkhano wa aphunzitsi, kalata ya mwini nyumba, fomu ya kubanki ndi wapolisi wa pamsewu, zonsezo ndi Chipwitikizi. Yambani kuphunzira muli kuno, ngakhale mawu khumi patsiku."

Malipiro amabwera mu metical, ndipo anthu amatumizirana ndalama pa M-Pesa kapena e-Mola monga ife pa Mpamba ndi Airtel Money. Anachenjeza za osintha ndalama a pachipata, amene manja awo amathamanga kuposa maso a mlendo, nati munthu awerenge yekha kawiri asanapereke zake. Mu kontilakiti muyenera kuoneka malipiro, tsiku lolandira, amene adzalipira lendi, ndiponso ngati miyezi ya holide ili ndi malipiro, chifukwa sukulu zina zimalipira maola amene munthu waima m'kalasi basi.

Uthenga wotsiriza unali wa gogo wa ku Maganga amene mdzukulu wake akukonzekera ulendowu. Nkhawa yawo inali yakuti adzamuona liti.

"Agogo, Khirisimasi mudzadya naye," anawatsimikizira. Chaka cha sukulu ku Mozambique chimayamba cha mu Febuluwale n'kutha kumapeto kwa chaka, pamene chathu chimayamba mu Seputembala, choncho holide yaikulu imagwa nthawi ya dzinja, yopalira. Pa maholide aafupi mphunzitsi angathe kukaona damu la Cahora Bassa ku Songo, kutsikira ku Metangula kukaona nyanja yathu yomweyi imene iwo amaitcha Niassa, kapena kukwera sitima ya pamtunda pa Cuamba kupita ku Nampula n'kukafika ku Ilha de Moçambique, chilumba chimene UNESCO inachiika pa mndandanda wa malo a mbiri ya dziko lonse mu 1991. Ku Cabo Delgado kokha anati asayerekeze, popeza madera ena a chigawocho ali pa nkhondo ya zigawenga kuyambira 2017.

Nthawi itatsala pang'ono kutha, muulutsi anafunsa ngati pali chimene aiwala. Bambowo anatembenukira kwa aphunzitsi amene ali kale pa ntchito ya boma: asalembe kalata yosiya ntchito mpaka kontilakiti yosainidwa ndi chilolezo chogwirira ntchito zitafika m'manja mwawo.