Mapu a Mfundo M'kalasi ya Uinjiniya

Ambirife tinakhoza mayeso a Fomu 4 poloweza V = IR, koma atatifunsa chifukwa chimene waya wopyapyala amatenthera msanga, tikhoza kungokanda m'mutu. Injiniya wongoloweza chonchi adzawotcha nyumba ya munthu.

Mapu a mfundo, amene Joseph Novak anayambitsa ku yunivesite ya Cornell mu 1972, amaulula vutoli. Wophunzira amalemba "voltage", "current", "resistance" ndi "kutentha" m'timabokosi, kenako amalumikiza timabokosito ndi mizere. Ntchito yagona pa mizerepo: uliwonse ukhale ndi mawu ofotokoza, monga "imachepetsa" kapena "imayambitsa". Mzere wopanda mawu tisaulandire, chifukwa pamenepo ndi pomwe wophunzira sanamvetse.

Tikadzayamba kuphunzitsa, tisamawajambulire mapuwo pabolodi, adzangokopera. Azijambula okha, awiriawiri, ife tizizungulira n'kumafunsa mafunso.