Mmene Mungaonere Misika ya M'mawa ya ku Rufunsa

Anthu ambiri Rufunsa amaidziwira pawindo la basi. Basi ya ku Chipata ikangoima, manja amatuluka, nthochi ndi mtedza zimalowa, ulendo n'kupitirira. Umenewo ndi msika wa apaulendo. Msika wa eni dera umachitika mabasi asanafike, ndipo kuti muuone muyenera kutsika, kugona komweko, n'kulawirira. Alendo opita ku Vietnam amadzuka usiku kukaona amalonda akutsitsa zipatso pa msika wa Long Bien ku Hanoi, atalipira ndege yodula. Inu wa ku Lusaka mukufunika ndalama ya basi ndi juzi basi.

Yambani ndi kusankha malo, chifukwa Rufunsa si tauni yoti n'kuizungulira wapansi. Ndi boma lalikulu la m'chigawo cha Lusaka, limene linapatulidwa ku Chongwe m'nthawi ya Pulezidenti Michael Sata, ndipo malonda ake anandanda m'mbali mwa msewu wa Great East, wotchedwanso T4. Kuchokera ku Lusaka mumayamba kufika ku Chinyunyu, kumene kuli akasupe a madzi otentha, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 90. Kenako pali Rufunsa weniweni, njira yopatukira ku Mpanshya kumene kuli chipatala cha mishoni cha St. Luke's, mapiri a Manenekela, mpaka msika wotchuka wa pa Luangwa Bridge, makilomita oposa 200 kuchokera mu mzinda. Musafune kuona zonsezi m'mawa umodzi. Ngati mukufuna ndiwo za kumunda ndi moyo wa anthu wamba, sankhani pa Rufunsa kapena pa Chinyunyu. Ngati mtima uli pa nsomba ndi madengu, pitirirani ku mlatho.

Kwerani basi pa siteshoni ya Intercity ku Lusaka masana a dzulo lake kuti mukafike kukadali kowala. Muuzeni kondakitala pokwera pomwe kuti mutsikira panjira, ndipo mumukumbutsenso mukadutsa Chongwe. Mukapeza pogona, funsani mwini nyumba kuti amayi a ndiwo amayala pati, nanga amafika nthawi yanji. Iyeyo akuuzani zoona kuposa mapu a pa foni. Gonani m'neti. M'thumba mukhale ndalama zing'onozing'ono, ma K5 ndi ma K10, chifukwa mayi amene wangotula dengu sangasinthe K100, ndipo timashopu ta Airtel Money ndi MTN timatsegula dzuwa litakwera.

Dzukani cha m'ma 5 koloko. Mu June ndi July kumazizira kwambiri, choncho valani mokwanira. Nyamulani tochi, ndipo muziyenda kudzanja lamanja la msewu kuti muziona magalimoto akubwera. Izi musazitenge mwachibwana: malole opita ku malire a Mwami ndi Chanida amadutsa pamenepa ali paliwiro, ndipo kukada woyenda pansi saoneka.

Mukafika musayambe kugula. Imani pambali kaye muone mmene msika ukudzukira. Oyamba kufika amakhala a njinga, atamanga matumba a makala kumbuyo, ena akukankha chifukwa katundu wakana kupalasa. Pambuyo pawo pamabwera amayi atasenza madengu a tomato, repu, chibwabwa ndi impwa, masamba akadali ndi mame. Penyetsetsani mmene mayi amaunjikira tomato: atatu pansi, mmodzi pamwamba, wofiira bwino kuyang'ana kumsewu, wa kachilema kubisala mkati. Wina akusesa pamalo pake, wina akukupiza mbaula ndi kakatoni, mafuta a vitumbuwa ayamba kuthetheka. Nthawi imeneyi ogula amakhala anzawo odzaoda kuti akagulitsenso, ndipo mitengo imanenedwa motsitsa mawu. Mukamvetsera bwino mudziwa mtengo weniweni musanafunse aliyense.

Ndiyeno perekani moni. Dera lino ndi la Asoli, a mafumu Bunda Bunda, Mpanshya ndi Shikabeta, koma pamsika Chinyanja chimamveka paliponse. Nenani kuti, "Mwauka bwanji, amayi?" ndipo dikirani yankho musanaloze chinthu. Wachikulire ndi agogo, ndipo polandira chenji gwirani mkono ndi dzanja linalo. Wobwera n'kungoti "zingati izi?" amadziwika kuti ndi wa m'basi, ndipo amamutchulira mtengo wa m'basi.

Kadzutsa dyerani pomwepo. Tiyi wotentha ndi vitumbuwa zongochoka m'mafuta, kapena mbatata yowiritsa, zimakwana. Lamulo lake ndi limodzi: idyani chimene mwachiona chikupsa. Munkoyo ndi thobwa n'zokoma, koma nthawi ya dzinja samalani ndi madzi; kolera imene inavuta Lusaka mu 2023 ndi 2024 anthu sanaiiwale. Zipatso muzitsuke ndi madzi anu a m'botolo.

Zogula zimatsata nyengo. Masau amapezeka nthawi yozizira, masuku ndi mango cha mu November ndi December, ndipo bowa amabwera mvula ikakhazikika. Pa bowa musadzione anzeru: gulani wa mtundu umene mayi wogulitsayo akuutchula dzina ndiponso anthu a pomwepo akuugula. Mtedza ndi nyemba amayesa pa chitini chotchedwa meda. Onani ngati chitinicho sichinaphwanyidwe pansi kuti chichepe, ndipo muone ngati akudzaza mpaka kusongoka.

Kunenerera mtengo kulipo, koma kuli ndi malire ake. Pa mpando wa nsungwi kapena dengu lalikulu nenererani ndithu, wogulitsayo amayembekezera zimenezo. Pa mulu wa tomato wa mayi amene wayenda mtunda kuchokera kudimba, ine ndimaona kuti n'kupanda chifundo kulimbana naye pa K1. Lipirani mtengo wake, kenako mumwetulire n'kunena kuti, "Nanga mbasela, amayi?" Nthawi zambiri akuponyerani tomato wina kapena anyezi, nonse n'kusiyana mukuseka.

Amene mwasankha Luangwa Bridge muli ndi ntchito ina. Msikawu uli pafupi ndi mlatho umene unatsegulidwa mu 1968, polowera chigawo cha Kum'mawa, pamene pamapatukira msewu wopita ku Feira. Madengu, malichero, zipewa ndi mphasa zimakoleka m'mizere, ndipo fungo la nsomba zowamba limakulandirani musanatsike n'komwe. M'mawa, mabasi asanayambe kuima, wogulitsa amakhala ndi mpata wokulolani kusankha. Nyamulani mlamba kapena mcheni wouma, muununkhize, muusindikize pamimba ndi chala. Wouma bwino amakhala wolimba, wonunkhira utsi. Akabonyoka kapena kutuluka fungo lowawasa, musiyeni. Mugogodeni pang'ono pa thandala: pakagwa ufa, ndiye kuti tizilombo tamudya mkati. Kumbukiraninso kuti boma limaletsa kupha nsomba kuyambira pa 1 December mpaka kumapeto kwa February, choncho miyezi imeneyi musadalire nsomba, ndipo musanyamule zimene simukudziwa kumene zachokera.

Wina akakunong'onezani za nyama ya m'tchire, kanani. Kum'mwera kuli paki ya Lower Zambezi, ndipo kupezeka ndi nyama yotere popanda chilolezo ndi mlandu wokakugonetsani m'chitokosi. Pa zithunzi, pemphani kaye mwini malonda, makamaka mukagula kanthu. Pamlatho pamakhala achitetezo, choncho foni ibwezereni m'thumba mpaka atakulolani.

Mabasi ochokera ku Lusaka akayamba kuima, msika umasintha nkhope. Anyamata amathamangira kumawindo ndi mabeseni pamutu, mawu amakwera, mitengo nayonso. Onereraniko pang'ono muli pamthunzi, kenako longedzani. Nsomba muzikulunge m'nyuzipepala n'kuziika m'katoni, osati m'pulasitiki mmene zingachite thukuta n'kuyamba nkhungu. Tomato akhale pamiyendo panu, asapite m'buti. Galimoto yobwerera muyambe kuiyang'ana dzuwa lisanafike pamutu, chifukwa mabasi ochokera ku Chipata amadutsa ambiri atadzaza kale.