Asidi, Alikali ndi pH: Chifukwa Chake Feteleza Sathandiza m'Minda Ina

Alimi ena amathira feteleza wokwanira koma chimanga chimakwinimbirabe. Kawirikawiri gwero la vutoli ndi kuchuluka kwa asidi m'nthaka, kumene akatswiri amakuyeza ndi muyeso wotchedwa pH.

Asidi ndi chinthu chimene chikasungunuka m'madzi chimatulutsa tinthu ta haidirojeni tosaoneka ndi maso. Mandimu ndi bwemba zimawawasa chifukwa cha asidi. Alikali ndi chinthu chimene chimameza tinthuti n'kufooketsa asidiyo. Chidulo chimene amayi amapanga ndi phulusa pophika therere ndi alikali, chimodzimodzinso laimu.

Muyeso wa pH anauyambitsa ndi Søren Sørensen wa ku Denmark m'chaka cha 1909. Umayambira pa 0 mpaka pa 14, ndipo madzi opanda chosakaniza chilichonse ali pa 7. Manambala ochepera 7 amasonyeza asidi, pamene oposa 7 amasonyeza alikali. Nambala ikatsika ndi 1, asidi amachuluka kakhumi. Motero dothi la pH 5 lili ndi asidi wochuluka kakhumi kuposa la pH 6, ndipo la pH 4 limaposa la pH 6 ka 100.

Chimanga chimachita bwino pakati pa 5.5 ndi 7. Nthaka ikatsika pansi pa 5.5, aluminiyamu wa m'dothi amasungunuka n'kufupikitsa mizu, ndipo fosifolasi wa mu feteleza amamangika moti mbewu sizimupeza. Komabe tiyi wa ku Mulanje ndi Thyolo amakonda dothi la pakati pa 4.5 ndi 5.5.

Asidi amachuluka kumene mvula yambiri imatsuka kashiamu m'nthaka, monga kumpoto kwa Zambia, ndiponso kumene feteleza wa sulphate of ammonia wathiridwa zaka zambiri motsatizana. Mankhwala ake ndi laimu wa kumunda, amene amasakanizidwa ndi dothi miyezi iwiri kapena itatu mlimi asanabzale. Laimu wopyola muyeso amachititsa kuti mbewu zisowe zinki, choncho mlingo wake suyenera kungoganiziridwa.

Mlimi atape dothi lakuya masentimita 20 pamalo angapo m'munda, alisakanize, ndipo kudzera mwa mlangizi wa zaulimi alitumize kumalo a kafukufuku monga Chitedze ndi Bvumbwe ku Malawi kapena Mount Makulu ku Zambia. Zotsatira zake ndizo zimasonyeza ngati mundawo ukufuna laimu komanso kuchuluka kwake.