Malangizo kwa Abambo Amene Achitidwa Opaleshoni ya Prostate

Lero tikucheza ndi abambo amene angotuluka m'chipatala atawapala prostate yotupa, ija inkatseka njira ya mkodzo.

Pa opaleshoni yofala ya TURP, adokotala sang'amba pamimba. Chida chimadzera m'njira ya mkodzo momwemo. Choncho bala simuliona, komatu lilipo, m'kati. Kachubu kotulutsa mkodzo kamene amakuikani amakachotsa pakapita masiku ochepa. Kenako pokodza pamawotcha, mkodzo umafiirira, nthawi zina umathawa musanafike kuchimbudzi. Zimenezi zimatha pang'onopang'ono. Pakatha masiku 10 mpaka 14 magazi angabwererenso pang'ono nkhanambo ikamachoka. Musade nkhawa, imwani madzi ambiri.

Kwa milungu 4 mpaka 6, khasu lipume, njinga ipume, thumba la chimanga anyamule ana. Za m'banja nazonso ziyambe zadikira. Idyani masamba ndi mapapaya kuti musadzimbidwe, chifukwa kudzikakamiza kuchimbudzi kumatsegula bala.

Pali nkhani ina imene abambo amachita nayo manyazi. Ambiri akachira, pogonana umuna sutuluka kunja, umabwerera m'chikhodzodzo n'kudzatuluka ndi mkodzo. Sizipweteka, si ufiti, ndipo mphamvu nthawi zambiri zimakhalapobe, kungoti kubereka kumavuta. Amayi, zimenezi muzidziwiretu, musawaganizire zina bambo akunyumba.

Koma mkodzo ukatsekekeratu, mukaona magazi ochuluka oundana, kapena thupi likatentha n'kumanjenjemera, musadikire kuti kuche, pitani kuchipatala. Ngakhale patapita miyezi, mkodzo ukayambanso kutuluka mofooka, kawonaneni ndi adokotala, mwina njira yachepa ndi chipsera.