Timadontho ta pa Kanema

Kodi munaonerako sewero la apolisi ndi mbala pa wailesi ya kanema? M'masewero otere zambiri zimachitika usiku. Mbala imabisala mumdima, ndipo wofufuza milandu amailondola ndi tochi. Woonera nayenso amakhala tcheru, pakuti kanthu kakang'ono monga chipsera cha pankhope kangathe kuulula wolakwa. Limodzi mwa masewero otchuka otere ndi Sherlock, limene bungwe la BBC linayamba kuonetsa ku Britain m'chaka cha 2010.

Tsono kuti za mumdima zioneke, chithunzi chiyenera kukhala ndi mitundu yokwanira. Chithunzi cha pa kanema chimapangidwa ndi timadontho tambirimbiri. Kadontho kalikonse kali ndi tizigawo titatu towala: kofiira, kobiriwira ndi kabuluu. Tonse titatu tikawala kwambiri timaona kuyera, tikazima timaona kuda. Tikawala mosiyana, diso limaona mitundu ina yonse.

Kuwala kwa kachigawo kalikonse kumakwera pang'onopang'ono ngati munthu pa makwerero. M'makanema ambiri makwerero amenewa ali ndi masitepe 256, kuchokera pakuda kufika pakuwala kwenikweni. Akatswiri amati kanema wotere ndi wa mabiti 8. Tikachulukitsa 256 ndi 256 ndi 256, timapeza mitundu 16,777,216. Kanema wa mabiti 10 ali ndi masitepe 1,024, motero mitundu yake imaposa 1,000,000,000.

Nanga masitepe ochulukawa ndi antchito yanji? Tayang'anani thambo dzuwa likamalowa. Kufiira kumasanduka mdima popanda mzere wolekanitsa. Koma pa kanema masitepe akachepa, thambo lotere limaoneka mizeremizere ngati mbidzi. Mumdima ndi mmene vutoli limakulira. Malaya akuda a mbala ndi khoma lakuda zingathe kusanduka chinthu chimodzi, ndipo woonera saonanso kuti pakhomapo paima munthu.

Komabe mabiti okha sakwanira. Kanema akapanikizidwa kwambiri kuti atumizidwe msanga pa foni, tinthu tating'onoting'ono timatayika. Ndiponso kanema wa mabiti 10 amafuna wailesi yotha kuonetsa mitundu yonseyo. Kuwala kwa dzuwa kukagwera pa galasi, mdima wa m'chithunzi umatuwa. Choncho ndi bwino kuonera masewero otere m'chipinda chosawala kwambiri.

Wofufuza milandu wanzeru satchula dzina la munthu asanaonetsetse. Ifenso tisafulumire kuloza mnzathu chala chifukwa cha chithunzi chosaoneka bwino.

Mafunso

1. Tchulani mitundu itatu imene ili m'kadontho kalikonse.
2. Kodi kanema wa mabiti 10 ali ndi masitepe angati?
3. Chifukwa chiyani thambo limaoneka mizeremizere pa makanema ena?
4. Pangani ziganizo ndi mawu awa: tcheru, chipsera, kuulula.