Makalata a ku Nthalire: za ana amasiye

Woulutsa: Amayi, makalata a sabata ino ambiri achokera ku Nthalire, kumwera kwa Chitipa kufupi ndi Nyika. Yoyamba ndi ya bambo wina: mkulu wawo anamwalira, akufunsa kuti mbuzi ndi malata a nyumba atenge ndani.

Mlangizi: Ndi za mkazi wamasiye ndi ana ake. Ndanena kangati pa wailesi ino? Lamulo la chuma cha masiye la 2011 linaletsa kulanda katundu, ndipo wolanda amamangidwa. Bambo, malatawo asiyeni padenga.

Woulutsa: Mphunzitsi wina akuti mtsikana wa Sitandade 8, wazaka 15, azakhali ake akufuna kumukwatitsa kuti apeze ng'ombe.

Mlangizi: Kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati wosakwana zaka 18 ndi mwana. Aphunzitsi, musadikire Lolemba. Uzani a mfumu, amayi a mother group ndi apolisi a Victim Support Unit.

Woulutsa: Iyi ndi ya agogo amene akulera adzukulu anayi. Akuti kunabwera anthu a mpingo wina, anajambula anawo, n'kusankha wamng'ono yekha kuti ndiye wapeza womulipirira kunja. Tsopano akufuna kumutenga akakhale kunyumba ya ana amasiye kutauni. Avomere?

Mlangizi: Agogo, pepani ndi katundu amene mwasenza. Koma pamenepa ndiimepo pang'ono. Musasayine chilichonse, ngakhale kudinda chala, ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ku boma la Chitipa isanadziwe. Ndikudziwa kuti ku boma ndi kutali ndipo dzinja msewu wake umavuta, koma lamulo loteteza ana la 2010 linaikidwira zoterezi. Afunseni alendowo kuti bungwe lawo linalembetsedwa kuti, ndalama zimadzera m'manja mwa ndani, nanga mwana akamaliza pulayimale thandizo lipitirira?

Sindikunyoza Akhristu akunja amene amadzimana kuti mwana wathu aphunzire. Ambiri ndi oona mtima. Chimene chimandipweteka ndi kusankha mwana mmodzi pakhomo pamene onse amagona ndi njala imodzi. Ndinafikapo pakhomo lina kumene kamnyamata kanalandira nsapato, chikwama ndi bulangete. Abale ake awiri analibe kanthu. Tsiku limenelo ndinakapeza kakupita kusukulu chosavala nsapato zija, katazikulunga m'thumba la feteleza n'kuzibisa kuseri kwa nkhokwe. Nditafunsa, kanayang'ana pansi n'kunena kuti kakavala, anzake amakatcha mwana wa azungu ndipo mlongo wake amalira. Zoona, mphatso n'kusanduka manyazi?

Komanso mwana wopita naye kutauni amabwerako atakula, Chitumbuka chikumuvuta, munda wa bambo ake ataulima ena, sadziwa ngakhale pamene pali manda a mayi ake. Ku Karonga, Sisitere Beatrice Chipeta anayambitsa Lusubilo mu 1997. Njira yawo inali kugwira ntchito ndi makomiti a m'midzi, kuphikira ana phala ndi kulima minda, kuti ana ochuluka akulire kwa abale awo. Nyumba ya ana ikhale ya amene alibiretu pogwira.

Ndipo inu a mipingo ya kwathu kuno, a CCAP, a Katolika ndi ena nonse, tisamangoyang'ana kutsidya kwa nyanja. Pulayimale ndi yaulere kuyambira 1994, koma chimene chimachotsa mwana m'kalasi ndi sopo, makope, yunifomu ndi mimba yopanda kanthu. Amayi a chigwirizano sangalephere kulimira agogowa ekala imodzi ya chimanga. Achinyamata a kwaya sangalephere kufolera nyumba. Ndimabwereza sabata iliyonse: lekani kuimika ana kutsogolo m'tchalitchi n'kumati amasiye ndi awa. Ana amenewa ali ndi mayina awo.

Woulutsa: Amayi, nthawi yatithera.

Mlangizi: Kamodzi kokha. Agogo, funsaninso kwa a mfumu ngati dzina lanu lili pa Mtukula Pakhomo. Ndipo alendowo akabweranso, muwauze kuti adzukulu anu ndi anayi, thandizo lifike pakhomo pomwepo.